Mafunso Obwereka

Ndi Loweruka masana ku Tembisa. Agogo, mtchona amene anabwera ku Joni pa Wenela, nakagwira mu mgodi wa ERPM ku Boksburg osabwereranso ku Dedza, akuwothera dzuwa pakhonde. Mdzukulu wawo wamkazi, wa ku yunivesite ku Johannesburg, akukonza kafukufuku wa momwe Amalawi a ku Ekurhuleni amatumizira ndalama kumudzi.

AGOGO: Mkazi wanga, chiyambire m'mawa maso ali pa laputopu. Ukusaka mwamuna wina woti andilande?

MDZUKULU: Ndikusaka mafunso, agogo.

AGOGO: Mafunso amasowa? Ine ndili nawo nkhokwe yodzaza. Loyamba: ukwatiwa liti?

MDZUKULU: Si amenewo. Aphunzitsi akuti ndisathamangire kupeka anga ndisanaone amene ena analemba kale. Akuti ndibwereke.

AGOGO: Ubwereke mafunso? Kwa yani?

MDZUKULU: Kwa a Stats SA, amene anachita kalembera wa 2022 aja. Alinso ndi General Household Survey, amachita chaka ndi chaka kuyambira 2002. Kuno ku Gauteng kuli a GCRO, kuyambira 2009 amayenda m'makomo kufunsa anthu za moyo wawo, Ekurhuleni yomwe ino.

AGOGO: Chikole wasiya chiyani?

MDZUKULU: Palibe chikole. Mafomu awo ali pa intaneti, aliyense atha kutenga.

AGOGO: Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Funso la eni ake likathyokera m'manja mwako ulipira chiyani? Penshoni yanga usaiyang'ane.

MDZUKULU: Funso silithyoka, agogo.

AGOGO: Ndiwe mwana. Ine ndinafunsa funso limodzi lokha kwa agogo ako aakazi, mpaka lero ndikulipirabe. Ndiye eni akewo adzawafuna liti mafunso awo?

MDZUKULU: Sadzawafuna. Amakhala nawobe.

AGOGO: Wabwereka, koma chinthu chikadali kwa mwini wake, ndipo sudzabweza. Kwathu zimenezo timazitcha ufiti. Komanso tamvera: ngati anafunsa kale, ndiye kuti anayankhidwa kale. Bwereka mayankhowo, utseke chimakinacho, unditherekere tiyi.

MDZUKULU: Mayankho alikodi. Ku DataFirst, ku University of Cape Town, amasunga zonse ziwiri, mafomu ndi zimene anthu anayankha, maina atawachotsa. Koma akafunsa Gauteng yense, Amalawi amagweramo ochepa, ndipo za kutumiza ndalama pa Mukuru ndi katundu wa pa basi sazifika pansi monga ndikufunira. Ndiye zina ndilemba ndekha, zina ndibwereka. Ndikafunsa ndi mawu omwewo a eni ake, nditha kuyerekeza Mmalawi wa kuno ndi mnzake wa ku Katlehong, kapena ndi m'bale wake wa ku Dedza. Ndikasintha mawu, ndasintha muyeso.

AGOGO: Iyo ndaimva. Wogulitsa nyemba akamasintha mbale yopimira, ameneyo ndi wakuba.

MDZUKULU: Ndi zomwezo! Tsono ndiyambe kuwayesera pa inu, ndione ngati akumveka.

AGOGO: Anthu amayesera mankhwala pa galu, iwe pa agogo ako. Funsa.

MDZUKULU: Mutu wa banja lino ndani?

AGOGO: Lemba ine. Koma lemba ndi pensulo.

MDZUKULU: Pakhomo pano mumakhala anthu angati? A Stats SA amawerenga amene amagona pano masiku anayi pa mlungu, ndipo mumadyera pamodzi.

AGOGO: Ndiye amalume ako achoka. Amadya pano masiku asanu ndi awiri, kugona sitidziwa kumene amagona. Nanga mlongo wanga wa ku Dedza, amene feteleza wake ndimagula ine chaka chilichonse? Sagona pano, koma thumba langa amagonamo.

MDZUKULU: Ameneyo si wa pakhomo pano. Alowa pa tsamba la olandira ndalama.

AGOGO: Ukamuuze wekha kuti si wa pakhomo panga. Ine ndikufuna ndidzaikidwe mwamtendere.

MDZUKULU: Lotsatira ndatenga kwathu, pa Malawi Demographic and Health Survey ya a National Statistical Office ku Zomba. Ubwino wake anamasulira kale m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, sindivutika ndi mawu. Pakhomo pano muli ndi wailesi? Njinga? Ngolo?

AGOGO: Ngolo! Ili kuseriku, ng'ombe zake ndazitumiza kukadya msipu ku bwalo la ndege la OR Tambo. Mwana iwe, ngolo ku Tembisa ndiziimika pati, pa renki ya mataxi?

MDZUKULU: Chabwino, limenelo ndichotsa.

AGOGO: Usachotse, litembenuze. Funsa kuti kumudzi unagulako ngolo? Unakhomako malata? Mtchona chuma chake sichioneka kumene akugona. Pano munthu agona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, ku Mangochi ali ndi nyumba ya njerwa zootcha.

Mdzukulu anangoti zii, nalemba msanga. Funso limeneli silinali pa fomu iliyonse imene anakopera.

MDZUKULU: Tsopano ili: ndinu okhutira bwanji ndi ntchito za khonsolo? Okhutira kwambiri, okhutira, pakatikati, osakhutira, osakhutira m'pang'ono pomwe, kapena simukudziwa?

AGOGO: Kukhuta ndinakhuta dzulo, kunali nyama.

MDZUKULU: Sankhani chimodzi, agogo. Ngati zavuta, pali kabokosi ka "sindikudziwa".

AGOGO: Mwana wa kaya sachira. Ukawaikira kabokosi kameneko, Amalawi onse athawira momwemo, ndi anthu aulemu. Ndipo pakatikati ndi pogona khanda, munthu wamkulu amagona kumphepete.

MDZUKULU: Zaka zanu?

AGOGO: Njala ya 1949 inandipeza ndikukwawa. Werengera wekha, ndiwe wa masamu. Ku Wenela kunalibe zonsezi. Dzina, mudzi, mfumu, kenako kukwera pa sikelo, chala pa inki, basi wakwera ndege. Ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974, a Kamuzu n'kuletsa ulendo wa ku migodi, palibe anabwera ndi fomu kudzatifunsa ngati tili okhutira kwambiri kapena pakatikati.

MDZUKULU: Ili ndi lofunika kwambiri. Kodi muli ndi ziphaso zokhalira m'dziko muno?

AGOGO: Waliika pa nambala chani?

MDZUKULU: Lachitatu.

AGOGO: Ndiye fomu yako ili ndi mafunso awiri. Ukafika pa lachitatulo uziyankhula ndi mpando. Anyamata a maganyu aja akaona munthu wa cholembera akufunsa za pasipoti, amadumpha mpanda ngakhale ali ndi mapepala onse. Unali wamng'ono mu 2008, pamene anthu ankasakidwa ku Ramaphosa kufupi ndi Reiger Park. Iwo sanaiwale.

MDZUKULU: Koma ndilemba pamwamba kuti zonse ndi zachinsinsi, maina sinditenga.

AGOGO: Wapolisi nayenso amayamba ndi moni. Funso limenelo taya, kapena libise kumapeto ngati fupa mu ndiwo. Ndipo usayende khomo ndi khomo ndi Chichewa chako cha m'mphunocho. Lamulungu ndikutengera ku bungwe lathu la maliro. Ndikanena kuti uyu ndi wanga, akuyankha mpaka za ngongole zawo.

MDZUKULU: Zimenezo zikondera, agogo. Ndikhala ndi mayankho a anzanu okhaokha, okalamba opita ku misonkhano. Achinyamata a ku Germiston ndi ku Daveyton ndiwapeza bwanji?

AGOGO: Aliyense wa okalambawo ali ndi adzukulu khumi amene anafikira pakhomo pake atatsika basi ku Park Station. Digiri ija sanakuphunzitse kuti nsomba imagwidwa ndi nyambo?

MDZUKULU: Lomaliza, ndiye mtima wa kafukufuku wanga. Mwezi wathawu munatumiza ndalama zingati kumudzi, ndipo pa njira yanji?

Agogo anasuzumira kukhitchini, natsitsa mawu.

AGOGO: Funso ngati limenelo safunsa chitseko chili chotsegula. Lemba marandi 200.

AGOGO AAKAZI (ali kukhitchini): Lemba 800! Mauthenga a Mukuru amafikira pa foni yanga, anaiwala kuti nambala analembetsa ndi yanga!

AGOGO: Fufuta paja unalemba ndi pensulo paja. Ndipo mafunso ena kawafunse komweko, Stats SA ya nyumba ino ikuphika nsima.