Dzina ndi la abale onse, thewera ndi la make

Mwana akangobadwa, mchombo usanagwe n'komwe, anthu amakhala atandanda kale ndi mayina m'matumba. Agogo akuchimuna ali ndi lawo, malume abwera ndi lawo panjinga, abusa nawo atsegula kale Baibulo. Koma khanda lomwelo likaipitsira thewera 2 koloko usiku, khamu lonse lija limazimirira, m'nyumba n'kumangomveka mkonono. Tamvani zomwe ndakhala ndikutola m'maminibasi ndi pamjigo.

*

Banja lina la ku Chilinde litalandira mwana woyamba, amayi a mwamuna anafika kuchokera ku Dowa nkhuku ili kukhwapa. Gogoyu ndi mpongozi wake sankamwerana madzi. Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta ananyamula khandalo, n'kuyang'ana make m'maso, amvekere: "Ameneyu ndi Ndaziona."

Aliyense pabwalopo anadziwa kumene mwalawo walunjika. Amayi a mkazi, a ku Ntcheu, sanachite phokoso. Anangokonza duku lawo bwinobwino.

"Zikomo asewere. Ife kwathu timaonjezerapo lachiwiri. Akhale Ndaziona Simunati."

Mtsikanayo pano ali Sitandade 2. Aphunzitsi ake akatopa ndi phokoso la m'kalasi n'kudandaula kuti "koma ine ndaziona", iye amaimirira mwaulemu: "Ndilipo, madamu."

*

Kale mayina sankabisa mawu. Ukamva Mavuto, Masautso kapena Maliro, unkadziwiratu zimene pakhomopo anadutsamo chaka chimenecho. Lero ku sukulu ya mkaka ukangoitana kuti "Favour!" theka la kalasi limatembenuka, otsalawo ndi a Miracle. Ngakhale a Mavuto akalewo akuthawa mayina awo. Mkulu wina atalowa mpingo watsopano, mneneri anamusintha kukhala Madalitso. Patapita sabata wakatapila anagogoda pachitseko.

"Tikufuna a Mavuto."

"Kuno kulibe. A Mavuto anafa pamodzi ndi moyo wakale."

"Pepani ndi maliro. Ndiye mulipire inuyo a Madalitso, poti nyumba ndi njinga za malemuwo mwatenga ndinu."

*

Mu Januwale 2022, Gabadinho Mhango atamenya chigoli chija chapatali ku Cameroon, mpira usanathe n'komwe mphindi 10, goloboyi wa Morocco n'kungoti kukamwa yasa, bambo wina wa ku Ndirande anakwera patebulo m'bala. Analumbira pamaso pa anthu kuti mwana amene akazi ake akuyembekezera ndi Gabadinho basi, wotsutsa abwere. Mpirawo tinaluza 2-1, ndipo mwana anabadwa wamkazi.

Bamboyo sanagonje. "Ndiye akhale Gabadinha."

Akazi ake anamuyang'ana ali chigonere. "Bambo a mwana, inu n'chimodzimodzi Flames ya tsiku lija. Munagoletsa koyambirira n'kubwerera kumbuyo. Miyezi 9 yonseyi ndasewera ndekha. Dzina nditcha ine."

Mwanayo ndi Pilirani. Bamboyo akanakhala wotsatira mpira wa amayi sakanavutika n'kupinda dzina la mwamuna, Tabitha ndi Temwa Chawinga ali pomwepo.

*

Kuyambira 2021, lamulo la ntchito m'dziko muno limapatsa bambo tchuthi cha masabata 2, malipiro osadulidwa, mkazi wake akabereka. Abambo ambiri nkhaniyi amaidziwa bwino lomwe. Amene saidziwa ndi akazi awo.

Wina wa ku Area 25 anatenga tchuthicho mwakachetechete. M'mawa uliwonse ankamanga tayi, kutsanzika, n'kukakhala pabawo pansi pa mtengo wa mango mpaka 5 koloko. Zinaululika pamene anzake a kuofesi anabwera kudzaona mwana atanyamula sopo ndi shuga, mmodzi n'kunena kuti, "Alamu, muli ndi mwayi, achimwenewa masabata awiri onse ali pakhomo kukuthandizani." Mayi anatembenuka pang'onopang'ono. Bambo anameza malovu, n'kumasula tayi.

"Ndimafuna mwana azigona popanda phokoso."

Mnzake wa ofesi ina anapempha tchuthi chomwecho kawiri chaka chimodzi, mu Malichi ndi mu Juni. Abwana anamukumbutsa kuti lamulo limati kamodzi pa zaka 3, ndiponso kuti mimba ya miyezi 3 sanaimvepo chibadwire.

"Bwana, wa Malichi uja anali wa ku Kawale. Uyu ndiye wa kunyumba."

Mayi naye lamulo limamupatsa masabata 8. Kusikelo amamuuza kuti ayamwitse mwakathithi miyezi 6. Amene anawerengera masamu amenewa ndikukayika ngati anayamwitsapo. Ndiye awo ndi olembedwa ntchito. Mayi wogulitsa tomato pa Lizulu atamva za tchuthizi pawailesi anaseka mpaka mwana kumbuyo anadzuka. "Ine abwana anga ndi tomatoyu. Ndikapuma masiku 3 amaola."

*

Zipatala zambiri zimalimbikitsa kuti mayi woyembekezera azibwera kusikelo ndi mwamuna wake, ndipo obwera awiriawiri sachedwa pamzere. Amayi si opusa. Mwamuna akati watanganidwa, amangonong'oneza wakabaza: "Ukandifikitsa usabwerere, ulowe nane, ndikuonjezera."

Mnyamata wina wakabaza analowa m'mawa ndi mayi wa chitenje chofiira, n'kumvetsera uphungu wonse akugwedeza mutu. Isanakwane 10 koloko anatulukiranso ndi wina. Atabwera kachitatu, anesi anavula magalasi.

"Bambo, inunso?"

"Mitala, anesi. Muzindipempherera."

"Chabwino. Mayi awa dzina lawo ndani?"

Anakanda m'mutu, n'kutembenukira mayiyo. "Kasitomala, dzina paja?"

Koma tisamunyoze. Pasiteji yonseyo palibe mwamuna wodziwa za katemera, masikito ndi zakudya za magulu 6 kuposa iyeyo.

*

Ku Bangwe kuli bambo amene ntchito inamuthera. Akazi ake ndi namwino, amagwira mashifiti a usiku. Anakhala pansi n'kugwirizana kuti mayi azipita kuntchito, bambo azitsegula kaokala pakhomo uku akuyang'anira mwana. Tsiku loyamba kutuluka atabereka mwana pachitenje, mfundo ili pachifuwa, anyamata a pakona anaimitsa bawo. Tsiku lachiwiri nkhani inali itafika kale kutchalitchi kuti munthu wadyetsedwa khuzumule.

Amayi ake atamva anakwera basi kuchokera ku Mulanje. Anamupeza akuyanika matewera, zopanira zovala zili kukamwa. Anakhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira mokweza: "Mwana wanga ine! Anakuphikira chiyani mkaziyu?"

Iye sanayankhe. Anawapangira tiyi, n'kuwaikira buledi wopaka majarini. Atamwa kufika pakati anawauza kuti, "Amayi, shuga ameneyo, buledi ameneyo, ndi ndalama ya basi imene mubwerere, zonsezo ndi za shifiti ya usiku."

Gogo anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kusuzumira m'kapu.

"Tandionjezera supuni imodzi. Ndipo thewera ilo sunalichape bwino, bwera nalo ndikuonetse."

Chimandidabwitsa n'chakuti ena mwa amuna oseka mnzawoyo ndi omwe amaphika m'mahotela, kuchapa ndi kusita m'nyumba za mabwana ku Namiwawa ndi ku Area 10. Kumeneko manja amayenda bwino chifukwa kumapeto kwa mwezi kuli envulopu. Akafika pakhomo pawo manja omwewo amachita dzanzi.

*

Bambo wina ali ku Joni anatumiza dzina pa WhatsApp: mwana akhale Alejandro Kayden Junior. Dzina linafika tsiku lomwelo. Ndalama ya matewera, mwezi uliwonse yankho linali limodzi: "Ikubwera." Make anabwerera ku geni yake ya kaunjika ku Limbe, ndipo mwana atasiya kuyamwa anamupititsa kumudzi kwa agogo. Agogo anayesa kutchula dzina lija kawiri, mano awo otsala n'kuyamba kugwedera, analisiya.

Patapita zaka 3 bambo anatulukira pa Khirisimasi ndi chikwama chachikulu, n'kuima pabwalo.

"Alejandro! Kayden!"

Mwana phee, akukankha galimoto yake ya mawaya. Agogo anatuluka m'khitchini akupukuta manja.

"Ikubwera, tabwera kuno upereke moni kwa alendowa."

Mwana anathamanga.

*

Ku ofesi yolembetsa ana obadwa, kalaliki anafunsa bambo wina tsiku limene mwana wake anabadwa. Bamboyo anayang'ana kudenga.

"Linali tsiku limene Bullets inachinya Manoma."

Kalalikiyo, wa Maule mnzake, anaika cholembera pansi. "Achimwene, masiku oterowo ndi ambiri. Imbirani mayi a kunyumba."

Mayi anatchula tsiku, ola ndi makilo a mwana, foni ili paphewa, manja ali m'beseni. A Manoma musandilembere makalata, ine ndangofotokoza mmene ndinamvera.

*

Banja lina la ku Area 47, onse awiri a m'maofesi, amanyamuka 6 koloko m'mawa kuthawa mzere wa magalimoto, n'kubwerako kutada. Anabetcherana kuti mwana ayamba kutchula ndani, "amama" kapena "adadi". Loweruka lina onse ali pabalaza, mafoni ali m'manja kuti ajambule, mwana anaimirira atagwira mpando. Anayang'ana bambo, anayang'ana mayi, n'kukuwira kukhitchini: "Anti!" Patapita milungu ingapo anabwera ndi chiganizo chathunthu, silipasi ili pakhutu: "Ndiimbire, ndilibe mayunitsi."

Anti ameneyo ndi mtsikana wa ku Dedza. Amasiyanitsa kulira kwa njala ndi kulira kwa tulo, amadziwa dzino limene likumera ndi phala limene mwana amalavula. Naye ali ndi mwana wake amene akuleredwa ndi amayi ake kumudzi, ndipo amamuona pa Khirisimasi pokha. Tsiku lotcha dzina palibe anamufunsa maganizo, anali kuseri akusenda anyezi.

Owerenga, musanaseke kwambiri za wakabaza uja, taonani pakalendala. Ngati mwezi watha ndipo anti simunawapatse malipiro awo, pindani nyuzipepalayi mukawapatse. Zinazo tikambirana sabata yamawa.