Walira Chimbale Walira Matope

Makolo athu sanaonepo gitala yamagetsi, koma munthu wogula tikiti ya konsati ankamudziwa mpaka m'matumbo. Iwo anati walira mvula walira matope. Ananena izi poona mlimi amene mwezi wa Novembala amangokhalira kuyang'ana kumwamba n'kumadandaula kuti mitambo yatikana, koma ikagwa masiku atatu otsatizana, ndi yemweyo amayamba kutukwana njira yoterera. Mlimi ameneyo lero wavala jinzi ndi malaya akuda olembedwa dzina la gulu loimba, waima pamzere ku London kapena ku Chicago, ndipo mvula imene akulira ndi yakuti gululo limuimbire chimbale chathunthu, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yotsiriza, mwandondomeko yake, monga momwe chinatulukira iye ali kusekondale, tsitsi likadali pamutu.

Magulu amva kulirako. Kuyambira 2005, pamene okonza zoimbaimba a All Tomorrow's Parties anayambitsa makonsati a Don't Look Back mumzinda wa London, pafupifupi gulu lililonse la imvi limayang'ana pakalendala kuti lione chimbale chimene chikukwanitsa zaka 20, 25 kapena 30. Musaganize kuti ndi chifundo chokha. Malonda a zimbale anayamba kulowa pansi kuchokera 1999 anthu atazolowera kukopera nyimbo pa intaneti, ndipo zimene oimba amalandira kuchokera ku Spotify ndi anzake si zoti n'kugulira nazo dziwe losambiramo. Ndalama zili pakhomo la konsati. Tsono munthu wa zaka 50 amene ali ndi ntchito yabwino, mimba yotsogola ndiponso mtima wosowa unyamata wake, ndiye kasitomala woti n'kumusamala ngati dzira. Ukamuuza kuti tabwera ndi nyimbo zatsopano, amayasamula. Ukamuuza kuti tiimba chimbale chija munkamvera ndi chibwenzi chanu choyamba, amagula matikiti awiri, n'kutenga mkazi wina amene sakudziwa chifukwa chimene bambo akulirira.

Vuto ndi lakuti kukumbukira kwa munthu kumasefa. Aliyense amalumbira kuti chimbale chakutichakuti chinalibe nyimbo yotaya, chonse chinali moto wokhawokha. Bodza la mkunkhuniza. Ife a m'nthawi ya kaseti tikudziwa chimene bolopeni inkachita kuwonjezera pa kulemba. Unkatulutsa kaseti mu wailesi, kulowetsa bolopeni pabowo, n'kuyamba kupukusa m'mwamba kuti udumphe nyimbo yachinayi popanda kutha mabatire. Luso limenelo linali la kudumpha matope. CD itabwera inatipatsa batani lodumphira, ndipo popeza inkatha kunyamula mphindi zoposa 70 pamene chimbale chakale chija chakuda chinkanyamula mphindi 20 ndi pang'ono mbali imodzi, oimba a m'ma 1990 anaona kuti malo alipo, nathiramo chilichonse chimene chinatsala m'situdiyo. Pa konsati palibe bolopeni, palibe batani. Nyimbo ija munaidumpha kwa zaka 30 yakupezani, mwailipirira, ndipo woimba akuiimba akukuyang'anani m'maso.

Taonani zimene zinawachitikira a U2 a ku Ireland. Chimbale chawo cha The Joshua Tree, cha mu 1987, chinaunjikidwa ngati mulu wa tomato wa pamsika: zofiira zazikulu pamwamba, zinazo udzazionera kunyumba. Mwa nyimbo 11, zitatu zimene dziko lonse limazidziwa, “Where the Streets Have No Name”, “I Still Haven't Found What I'm Looking For” ndi “With or Without You”, ndizo yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu. Pa chimbale nzeru imeneyi ndi yabwino, chifukwa wogula amakopeka msanga. Koma mu 2017, atanyamuka ulendo wokumbukira zaka 30 za chimbalechi kuyambira ku Vancouver, zinatanthauza kuti bwalo lonse lamasewera linkafuula mpaka mawu kusasa kwa mphindi pafupifupi 15, kenako n'kutsala ndi nyimbo 8 zoti lizimvetsera mwaulemu. Sindikunena kuti zotsalazo n'zowola, ayi, zina mwa izo n'zokoma kuposa zotchukazo. Koma munthu amene anabwera chifukwa cha nyimbo za pa wailesi anali atadya kale ndiwo zonse, nsima ikadali phiri. Anyamatawo anadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankayamba ndi nyimbo zina zakale zodziwika asanalowe m'chimbalecho, n'kudzatsiriza ndi zina zotchuka, kuti matope akhale pakati, uku ndi uku kuli kouma.

Komabe m'matope omwewo munatuluka chinthu. Pa chimbale chimenechi pali nyimbo ya “Red Hill Mining Town”, yonena za sitiraka ya anthu a m'migodi ya malasha ku Britain ya 1984 mpaka 1985. Kwa zaka 30 gululi linali lisanaiimbepo pamaso pa anthu, akuti chifukwa imakwera kwambiri moti kukhosi kwa woimba wawo Bono kunkakana. Lonjezo la chimbale chathunthu ndilo linawakakamiza kuifukula, kuikonzanso, n'kuiimba koyamba mu 2017. Anthu ena anadikira nyimbo imeneyo kuyambira ali anyamata mpaka kukhala azigogo. Pa nthawi yomwe iwo ankapukuta misozi, oyandikana nawo anali pamzere wa mowa.

Ochenjera kuposa onse ndi a Metallica. Chimbale chawo cha mu 1991, chimene anthu amangochitchula kuti chakuda chifukwa cha chikuto chake, chili ndi nyimbo 12 ndipo chimayamba ndi “Enter Sandman”, nyimbo imene ngakhale osakonda phokoso la magitala amaidziwa. Mu 2012, pozungulira ku Ulaya, anachiimba chonse ndithu, koma chobwerera m'mbuyo: kuyambira nyimbo yomaliza, kutsirizira yoyamba. Anatembenuza muluwo. Aliyense wofuna tomato wamkulu uja anayenera kudikira mpaka pansi pa dengu. Palibe anganene kuti anaberedwa, pakuti nyimbo zonse anazimva, ndipo palibe anathawa msanga kukagwira basi. Ine ndimaona kuti amene anaganiza zimenezi akanayenera kupatsidwa unduna wa zachuma kwinakwake.

Bruce Springsteen yekha anasankha kuwoloka matope onse ndi nsapato. Mu 2016, ali ndi zaka 66, anatenga The River, chimbale cha mu 1980 cha nyimbo 20, n'kumachiimba chathunthu usiku ndi usiku m'mizinda ya ku America, kenako n'kuwonjezeranso nyimbo zina mpaka konsati kudutsa maola atatu. Mkuluyu satopa, otopa ndi omvera. Atafika ku Ulaya, m'mabwalo akuluakulu a mpira, anasiya kuchiimba chonse kupatula malo ochepa chabe. Nyimbo yachisoni yoyenda pang'onopang'ono imakoma m'chipinda uli wekha, koma ukaiimbira anthu odzaza sitediyamu, theka la iwo limayamba kufunsana za ana ndi za mitengo ya nyumba.

Palinso mvula imene imagwa popanda woilira. Mu 2006 a Iron Maiden anatulutsa chimbale chatsopano, A Matter of Life and Death, nyimbo 10 zotenga ola limodzi ndi mphindi zoposa 10, n'kuganiza zochiimba chonse pa makonsati awo. Anthu anabwera atavala malaya a m'ma 1980, akuyembekezera nyimbo zimene anakulira nazo, koma anapeza akuphunzitsidwa silabasi yatsopano. Ena anayamikira kulimba mtimako, ena anang'ung'udza mpaka kunyumba. Apa ndiye mwambi wathu sugwira, chifukwa matope a mvula imene sunaipemphe ali ndi mwini wake, ndipo ukhoza kumuloza chala.

Kunena zoona, zimbale zina zinabadwa kuti zimvedwe zathunthu, ndipo kuzidula n'kuzilakwira. A Pink Floyd ankaimba The Dark Side of the Moon chonse pa makonsati mu 1972, chimbalecho chisanatuluke n'komwe, pakuti chinatuluka mu 1973. Nyimbo zake zimalowana, ina isanathe bwino inzake yayamba kale, moti palibe mpata wowombera m'manja, ngakhale wothamangira kuchimbudzi. Pa The Wall, cha mu 1979, anafika poipa. Gulu likuimba, anyamata a ntchito ankamanga khoma la njerwa za makatoni kutsogolo kwa siteji, njerwa imodziimodzi, mpaka pofika pakati pa konsati oimba onse anabisika. Anthu analipira kuti aone gulu, n'kukhala akuyang'ana khoma, pamene ankajambulapo zithunzi, kufikira linagwetsedwa kumapeto. Zipangizo zake zinali zolemera ndi zodula moti mu 1980 ndi 1981 anangochita makonsati 31 m'malo anayi okha: Los Angeles, Uniondale kufupi ndi New York, London ndi Dortmund. Eni gulu analuza ndalama. Amene anapindula ndi Richard Wright, woimba kiyibodi, yemwe anali atachotsedwa m'gululo n'kulembedwanso ngati waganyu wolandira malipiro. Mabwana anabwerera ndi ngongole, wochotsedwa ntchito anabwerera ndi envulopu.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa mchitidwe wonsewu si matope ayi, koma kutha kwa chidwi. Kukoma kwa konsati ndi kusadziwa. Woimba gitala akhudza nsambo kawiri katatu, wina kumbuyo uko azindikira msanga n'kukuwa, kenako moto uyaka kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Pa konsati ya chimbale chathunthu aliyense ali ndi pulogalamu m'mutu. Akudziwa kuti ikatha yachisanu kukubwera ija yotopetsa ya mphindi zisanu ndi ziwiri, ndiye anthu zikwi amadzuka nthawi imodzi ngati auzana. Woimba akutsanula mtima wake pa nyimbo imene analembera malemu bambo ake, akuona misana yokhayokha. Ogulitsa mowa nawonso chimbalecho anachiphunzira, amadziwa nyimbo yoti awonjezere antchito.

Kwathu kuno sindikudziwa ngati zingatheke n'komwe, chifukwa pulogalamu ya gulu siikhala m'manja mwa gulu. Ili m'manja mwa achimwene aja ali kutsogolo, botolo kudzanja lamanzere, K5,000 kudzanja lamanja. Akakwera pasiteji kukasupa n'kunong'oneza woimba, ndondomeko yonse imasintha pomwepo. Nyimbo ikakoma anthu amakuwa kuti ibwereze, ndipo imabwerezedwadi, kawiri, katatu, mpaka woimba ng'oma kuyang'ana kumwamba. Tayesani kuwauza anthu amenewo kuti pepani, ino si nthawi yake, tili pa nyimbo yachitatu ya mbali yachiwiri. Ma Blacks a ku Chileka, amene zimbale zawo zonse amazitcha Kuimba n'kumangosintha nambala kuyambira nthawi ya malemu Evison Matafale, akanakhala ndi mwayi umodzi: chikwangwani n'chosavuta kulemba, nambala yokha basi. Koma atati atengere abale awiri a ku Los Angeles a gulu la Sparks, Ron ndi Russell Mael, amene mu 2008 anaimba zimbale zawo zonse 21 za nthawiyo ku London, chimodzi pa usiku, ndiye kuti mabanja ambiri ku Blantyre akanakhala kwa ankhoswe sabata yachiwiri isanathe. A Sparks anachita kuphunziranso nyimbo zoposa 200.

Ndiye magulu aziimba zimbale zathunthu kapena ayi? Ine ndikuti aziimba, koma osati chimbale chilichonse chimene chakwanitsa zaka. Kukalamba si luso. Ngati chimbale chili ndi nyimbo ziwiri zabwino ndi zina 14 zodzazira CD, chisiyeni chipume mumtendere. Ngati chinamangidwa ngati nkhani imodzi, kapena chili ndi nyimbo zimene zakhala m'kabati zaka zambiri osaona dzuwa, chitulutseni, lembani poyera pa chikwangwani kuti usiku umenewo ndi wa chimbale chakuti, kuti wobwera adziwe nsapato zoti avale. Mukatsiriza, patsani anthu nyimbo zitatu kapena zinayi zimene angaimbe nanu, chifukwa ena anangoperekeza amuna awo.

Koma mlandu waukulu uli ndi inu amene mumalemba pa Facebook kuti nyimbo zamasiku ano n'zopanda pake, zimbale zinali kale. Gulu likakumverani n'kubwera nacho chimbalecho, musatichititse manyazi. Chakumwa chanu muguliretu, kuchimbudzi mupitiretu, foni muike m'thumba. Nyimbo yachinayi ija munkaidumpha ndi bolopeni ikayamba, imani pomwepo muimve mpaka ithe.