Malovu Anandiika Pambalambanda

Ndinagula mbuzi zotsatira zisanabwere. Zonse zimene zinandigwera zinayambira pamenepo.

Chiyambire unyamata ndakhala ndikuuza aliyense pa Madisi kuti ine ndine Mngoni weniweni, wa magazi a kwa Zulu, osati awa amangokumbuka Ungoni ng'oma ikalira. Mbiri yake ndimaitchula osapumira: makolo anathawa nkhondo za Shaka, anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu Novembala 1835 tsiku la kadamsana, anakafika ku Ufipa m'Tanzania, ndipo mfumuyo itamwalira anagawikana, ena n'kudzakhazikika m'mapiri a Dowa ndi Chiwere. Kukhosi kukanyowa ndimawonjezamo mikondo ndi ng'ombe.

Ndiye msuweni wanga wa ku Joni atabwera pa Khirisimasi ndi kabotolo kolavuliramo, n'kunena kuti akatswiri amayeza DNA ya m'malovu ndi kukuuza kumene makolo ako anachokera, ndinati Chauta wandiyankha. Ndinakalavulira kuseri kwa golosale. Tsoka ilo, azakhali anandiona. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti ndagulitsa malovu kwa anamapopa, ndipo mayi a kunyumba anayamba kundipatsa kapu yangayanga.

Ndinapirira. Ndinagulitsa soya, n'kugula mbuzi ija, masese, chishango cha chikopa ndi chibonga. Ndinaitana abale a kuchimuna ndi a kuchikazi omwe. Zotsatira zitafika pa foni sindinazitsegule n'komwe. Ndinapatsa mwana wa mlongo wanga, wa ku yunivesite, kuti awerenge pagulu.

Mtsikanayo anayang'ana foniyo nthawi yaitali.

"Malume, ndiwerengedi?"

"Werenga mwanawe, amve Achewawa."

Dzina la Zulu munalibe. Munali mapu opakidwa utoto kuyambira ku Cameroon, kudutsa Congo, mpaka ku Mozambique. Iye anafotokoza mwaulemu, ulemu wopweteka uja, kuti anthu a zinenero za Chibantu anayamba kufalikira kuchokera m'malire a Nigeria ndi Cameroon zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo, ndipo Mchewa, Myao, Mtumbuka ndi Mzulu onse anatuluka mu ulendo umenewo. Chimene chimasiyanitsako Azulu, anatero, ndi gawo la magazi a anthu a San ndi Khoe, amene makolo awo anakwatirana nawo kumwerako. "Inu malume gawo limenelo silikuoneka."

Munthu akamamira amagwira ndi udzu womwe. Ndinati chabwino, ndiye kuti ndine wa Akafula, eni nthaka amene Achewa anawapeza kuno. Apanso mwanayo anali ndi yankho. Mu 2017 asayansi anafalitsa zimene anapeza atayeza mafupa akale okumbidwa ku phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira pa Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza, ena a zaka pafupifupi 8,100. Alenje amenewo anali pachibale ndi a San a kumwera komanso anthu onga a Hadza a ku Tanzania. Koma atayerekeza ndi Achewa, Angoni, Atumbuka ndi Ayao a lero, magazi awo sanaoneke mwa ife. Anatisiyira zojambula pamiyala ya Chongoni, koma zidzukulu ayi. Nkhani imeneyi inandimvetsa chisoni kwa kanthawi, mpaka ndinakumbuka kuti ndaimirira pakati pa bwalo nditanyamula chishango.

Agogo aakazi, amene ndinkaganiza kuti akuwodzera, anakhosomola.

"Iwe, ndalama zonsezi bwanji osangondifunsa ine?"

Anati bambo a agogo aamuna anali Mchewa, Mphiri, wa kumapiri a Ntchisi kumene anthu ankathawira nkhondo. Angoni anamugwira ali kamnyamata atatsika kukatunga madzi, anakulira m'khola la womugwirayo, ndipo chiwongo chimene ndimadziguguda nacho pachifuwa ndi cha mbuye wakeyo. Aphunzitsi ena opuma ntchito, amene nyama yanga inali kale m'kamwa, anathira ndemanga: gulu la Zwangendaba linkakula pomeza anthu m'njira, Athonga, Akaranga, Ansenga, Atumbuka ndi Achewa, ndipo Chiwere mwini olemba mbiri amati anali Mnsenga. Ungoni, anatero, munthu ankaulowa, ndipo ambiri anaulowa atamangidwa.

Kunena zoona mfundoyo ndi yomveka, ndipo ndikanaiyamikira ikananenedwa pa mbuzi ya munthu wina.

Chimene sindinachiganizire ndi dimba. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikulima dimba la malemu bambo ponena kuti kwathu ku Ungoni chuma chimatsata mwana wamwamuna. Ana a azakhali ankangoti pepani, n'kumalima kumtunda. Tsiku limenelo anadya nyama mwakachetechete, anatsanzika bwinobwino, mmodzi anapemphanso kuti mapu aja amutumizire pa WhatsApp. Ine wopusa ndinatumiza.

Lolemba m'mawa kunabwera mthenga wa amfumu. Akuti poti ndadzitsimikizira ndekha pamaso pa mboni kuti banja lathu ndi la Chichewa, asuweni akufuna nkhani ya dimba iunikidwe mwa mbumba. Mlandu ulipo Loweruka, ndipo andiuza kuti ndibwere ndi nkhuku ndi foni yotchaja.