Momwe mungapumire ntchito opanda ndi tambala yomwe

Anthu ambiri amayesa kuti kusauka paukalamba ndi tsoka. Ayi ndithu, ndi luso, ndipo limafuna kukonzekera kwa zaka makumi atatu. Munthu amene wakhala akulandira malipiro mwezi ndi mwezi chiyambire unyamata wake safika zaka 60 ali chimanjamanja popanda kuchitapo khama. Alangizi a zachuma adzaza pawailesi ndi pa Facebook kuphunzitsa anthu kulemera, koma gulu lalikulu palibe akulilabadira: inu abambo ndi amayi amene mwatsimikiza mtima kuti mudzakalamba mukupempha ya sopo kwa adzukulu. Malangizo awa ndi anu, ndipo sindikulipiritsani.

Poyamba penipeni, khulupirirani kwacha ndi mtima wanu wonse. Ndalama yathuyi inabadwa mu 1971, ndipo nthawi imeneyo makwacha awiri ankasinthana ndi paundi imodzi. Amene anaona masiku amenewo mpaka lero salankhula za kwacha popanda kupukusa mutu, koma inu musawamvere, ndi okalamba. Mu May 2012 dola imodzi ya ku America inadumpha kuchoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwanso mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse. Mu November 2023 anthu anagona dola ili pafupifupi K1,180 n'kudzuka ili pa K1,700. Apa ndikunena mtengo wa kubanki, kumene dolayo nthawi zambiri kulibe. Wa anyamata oima m'makona a tauni sindiutchula, pali ena akuwerenga nkhaniyi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Tiwerengetse pang'ono. Amene anali ndi K10 miliyoni kumayambiriro kwa 2012 anali ndi ndalama zokwana madola pafupifupi 59,000. Ngati anazikulunga bwinobwino m'kansalu n'kuzisunga mpaka dola itafika pa K1,751 mu 2024, anali ndi madola osakwana 6,000. Palibe wakuba analowa m'nyumba, palibe mwana anasolola. Ameneyu ndiye mphunzitsi wanu, tsatani mapazi ake. Akatswiri oipa mtima adzakuuzani kuti kutuluka kwa K2,000 mu 2016 ndi K5,000 mu 2022 chinali chizindikiro chakuti ndalama zing'onozing'ono zatha ntchito. Inu muziyankha kuti dziko likutukuka, ndi chifukwa chake Reserve Bank ikutisindikizira manambala akuluakulu. Akakufunsani kuti munamaliza liti kugula chinthu ndi tambala, sinthani nkhani, kambani za mpira.

Ngati pansi pa matilesi pakukuchititsani mantha chifukwa cha makoswe, banki ilipo, ndipo ntchito yake ndi yomweyo koma mwaulemu. Tsegulani akaunti yosungira ndalama, ikanimo zonse, muziiwale. Mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 pa 100 iliyonse pachaka, pamene chiwongoladzanja cha akaunti wamba chinali kutali kwambiri kumunsi, mwina chokwanira kulipira ndalama zimene banki imadula posamala akauntiyo. Zinthu zikamakwera motero zaka zitatu zotsatizana, K10 miliyoni yanu imagula katundu amene poyamba munkagula ndi K4.5 miliyoni. Kukoma kwake n'kwakuti nambala ya ndalama imene mumaona pafoni sisintha. Zili ngati thumba la chimanga lolowa anankafumbwe: kunja lili tho, mwini wake amagona tulo tabwino, tsiku lopita kuchigayo ndi pamene amapeza gaga yekhayekha. Mu 2024 banki yomweyo mukapita kukabwereka inkakuuzani chiwongoladzanja choposa 25 pa 100. Musafunse chifukwa chake ndalama yanu imakhala yotsika mtengo mukamawabwereka iwo koma yodula akamakubwerekani inu. Mafunso otere amachedwetsa mzere.

Tsopano nkhani ya penshoni, imene imafuna kusamala kwambiri, chifukwa apa boma linayesa kukulowererani. Kuyambira mu 2011 lamulo limakakamiza olemba anthu ntchito kusungira antchito awo penshoni: inu mumadulidwa 5 pa 100 iliyonse ya malipiro anu, abwana amaonjezera 10. Wolandira K300,000 ndiye kuti mwezi uliwonse K45,000 imayenera kupita kukampani yosunga penshoni, n'kumakaswana kumeneko. Mukapanda kuchenjera, ndalama zimenezi zikhoza kudzakusokonezerani umphawi wanu.

Mwamwayi, njira zozembera zilipo. Yoyamba ndi kusafunsa. Alipo mabwana ena amene amadula 5 wanu uja mokhulupirika mwezi ndi mwezi, n'kulemba bwinobwino pakapepala ka malipiro, koma ndalamayo sifika kumene ikupita. Imakhota panjira n'kukagula galimoto ya akazi awo. A Reserve Bank, amene amayang'anira za penshoni, akhala akudandaula za mabwana otere chaka ndi chaka. Inu musakhale ngati anzanu amwano amene amapempha sitetimenti ya penshoni yawo. Abwana ndi kholo, ndipo kholo silifunsidwa kuti ndalama lapita nazo kuti. Mudzadziwa zonse tsiku la phwando lotsanzikana nanu, atakupatsani wotchi yapakhoma ndi satifiketi ya utumiki wabwino.

Yachiwiri ndi kutapa msanga. Lamulo latsopano la penshoni la 2023 linafupikitsa nthawi yodikira munthu akachotsedwa ntchito kuchoka pa miyezi isanu ndi umodzi kufika pa itatu, ndipo ndalama yotenga nthawi imodzi popuma ntchito inakwera kuchoka pa 40 kufika pa 50 pa 100 iliyonse. Aphungu ankaganizira anthu amene ali pamavuto enieni, a lendi ndi a fizi. Inu muone ngati kalata yokuitanirani kuphwando. Mpata uliwonse wotapa ukapezeka, tapani, ngakhale mulibe vuto lina koma sofa wa aneba amene akukusowetsani tulo.

Palinso kafomu kaja kolembapo anthu odzalandira ndalama zanu mukadzatisiya. Musakakhudze. Dzina la chibwenzi chanu cha chaka chimene munayamba ntchito likhalebe pomwepo. Amayi a kunyumba ndi ana asanu adzakhala ndi chochita akadzabwera kumanda, m'malo mongokhala n'kumalira.

Msika wa masheya uthaweni. Uli ku Blantyre, unayamba kugulitsa masheya mu 1996 ndi kampani ya NICO, ndipo lero kuli makampani amene mumawapatsa ndalama zanu tsiku lililonse: National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, Airtel, TNM, Illovo, Press Corporation ndi ena. Kumayambiriro kwa 2020 Airtel inagulitsa masheya ake kwa anthu wamba pa K12.69 imodzi, ndipo chaka chomwecho FDH Bank inagulitsa ake pa K10. Sheya imodzi inali yotchipa kuposa chitumbuwa. Amene anagula akhala akulandira gawo la phindu la makampaniwo, ndipo mitengo ya masheya awo inakwera kangapo konse. Inu munachita bwino kusagula. Munapitiriza kugula mayunitsi ndi shuga, kuthandiza makampaniwo kupanga phindu, osadzidetsa manja ndi kulandirako. Wina akakutchulirani za masheya, nenani kuti zimenezo ndi za mabwana a ku Namiwawa ndi ku Area 43. Musalole kuti akuuzeni zoti makampani osunga penshoni amaika gawo lalikulu la ndalama zanu kumsika womwewo, moti mwakhala mwini masheya zaka zonsezi osadziwa. Nkhani imeneyo ikhoza kukupatsani maganizo.

Koma ngati mtima wakana ndithu, lowani mwanzeru. Dikirani mpaka mitengo itakwera kwambiri, nkhani ya masheya ikukambidwa ndi kondakitala m'minibasi ndiponso kusaluni. Pamenepo kabwerekeni kwa wakatapila, mumusiyire khadi lanu la ATM monga mwa mwambo, mugule masheya a kampani imodzi yokha imene mlamu wanu anailota. Masheya amatsikanso, zimenezo alangizi a pa Facebook amaiwala kunena. Akangotsika pang'ono, gulitsani onse tsiku lomwelo, kenako muzilalikira kumaliro ndi kuukwati kuti kumsika wa masheya kuli mbava. Za kubwereketsa boma ndalama kudzera mu ma treasury bill a masiku 91, 182 kapena 364 musazimvere n'komwe. Mulibe chisangalalo, munthu amangodikira tsiku lake n'kulandira. Moyo wanji umenewo?

Chisangalalo chenicheni chili kwa mnyamata wa suti yowala amene akulonjeza kuti K100,000 yanu ikhala K200,000 pakutha pa mwezi, bola mubweretse anzanu atatu. Bizinesi imeneyi ili ndi mbiri yolemekezeka. Charles Ponzi anaichita ku Boston mu 1920, akulonjeza phindu la 50 pa 100 m'masiku 45, ndipo ankalipira oyamba ndi ndalama za obwera pambuyo mpaka obwera pambuyo atatha. Sergei Mavrodi wa ku Russia anabwera nayo ku Africa ndi dzina la MMM, akulonjeza 30 pa 100 mwezi uliwonse, ndipo pofika 2016 anthu ku South Africa, Zimbabwe ndi Nigeria anali akulira. Chinsinsi chake n'chakuti oyamba amalandiradi, n'chifukwa chake mlongo wanu wa kutchalitchi akulumbira kuti iye analandira. Inu onetsetsani kuti mwalowa mochedwa. Musafunse ngati kampaniyo ili ndi chiphaso cha Reserve Bank. Funsani ngati mwini wake ali ndi chithunzi ataima pafupi ndi galimoto yapamwamba, ndipo ngati ofesi yake yonse ndi gulu la pa WhatsApp, ndiye bwino koposa, ndalama za lendi akupulumutsira inu. Masiku amene palibe wokuberani mwadongosolo, kandege kobetcha ka pafoni kalipo, sikagona.

Banki mkhonde ndi yoopsa pang'ono, chifukwa amayi ambiri amangira nayo nyumba zamalata. Koma nayonso ili ndi mankhwala ake. Lowani magulu anayi, muzibwereka ku gulu lina kukabweza ku lina, kuti pofika December, anzanu akugawana, inu mudzakhale mukuonerera akunyamula mbale ndi wailesi yanu.

Tifike patsiku lalikulu, pamene theka la penshoni lalowa muakaunti. Musabise. Uzani mkazi kapena mwamuna wanu mokweza, pawindo lotsegula. Pasanathe sabata mudzadziwa kukula kwa mtundu wanu. Adzabwera amalume amene munawaona komaliza pachinamwali, adzukulu a msuweni wa agogo anu, ndi mneneri amene waona m'masomphenya kuti mbewu yanu iyenera kukhala ya manambala asanu ndi awiri. Onsewa ndi anthu a Mulungu, musawabweze.

Zotsalazo mugule minibasi. Pa malangizo onse amene ndapereka, awa ndiwo ayesedwa ndi mibadwo ya aphunzitsi, apolisi ndi makalaliki opuma ntchito, ndipo sanakhumudwitsepo. Simunayendetsepo bizinesi, simudziwa kusiyana kwa giyabokosi ndi redieta, choncho ndinu woyenera. Gulani yakale, imene yatopa kale ndi msewu wa ku Ndirande kapena wa ku Kawale, mupatse mwana wa achemwali anu kuti aziyendetsa. Mwezi woyamba adzabweretsa ndalama madzulo aliwonse, ndipo mudzayamba kuyenda mosiyana, anthu akukutchulani kuti adona kapena abwana a minibasi. Mwezi wachiwiri mudzamva kuti apolisi apamsewu anachuluka. Wachitatu, tayala. Wachinayi adzaima tsiku lonse pamzere wa mafuta, ngakhale anthu ena adzakuuzani kuti anaiona ikunyamula matumba a makala usiku. Pofika chaka, dalaivala adzakhala atagula poloti, kondakitala atakwatira, ndipo minibasi idzakhala pabwalo panu itakwera pa njerwa zinayi, nkhuku zikuikiramo mazira. Mazirawo ndi anu, palibe angakulandeni.

Amene sakonda zamsewu amange nyumba. Osati ya zipinda zitatu imene ingathe n'kuyamba kubweretsa lendi, ayi. Ana onse anachoka, ndiye mukufunika zipinda khumi ndi ziwiri ndi malo oimika galimoto zitatu zimene mulibe. Yambani opanda kuwerengetsa mtengo wa simenti. Ndalama zidzathera pa windo, ndipo mudzakhala ndi chinthu chooneka choti muzilozera alendo kwa zaka makumi awiri, mitengo ya mpanda ikumera m'chipinda chochezera.

Mwina mukuti zonsezi zilibe kanthu, ana adzakusungani. Maganizo abwino, ndipo makolo athu anakalamba nawo. Kungoti iwo anali ndi munda, khola ndi ana okhala pafupi. Wanu wamkulu ali ndi digiri ndipo akugonabe kuchipinda chake chakale, akudikira kuti mumugawireko penshoni akayambe geni. Wachiwiri ali ku Joni, amatumiza zithunzi. Akuluakulu amene anakagwira ntchito kumigodi pa nthawi ya Theba angakuuzeni kutalika kwa kudikira ndalama zochokera kumeneko.

Chinthu chimodzi chokha chikhoza kugwetsa dongosolo lonseli, ndipo ndikuchitchula kuti muchipewe. Ndicho kutenga chiphaso chanu cha unzika, kupita kukampani imene imasunga penshoni yanu, n'kufunsa kuti muli zingati, abwana anatumiza liti komaliza, ndipo pafomu paja pali dzina la yani. Lamulo limakulolani kufunsa, ndipo ofesi zawo zimatsegula m'mawa uliwonse wa ntchito. Chonde, abale anga, Lolemba likubwerali musapiteko.