Mbala yolowera kumwamba ku Phakalane

Ku Phakalane, kumene kumagona anthu a ndalama a mu Gaborone, nyumba ikakhala yopanda mpanda ndiye kuti sinathe. Mpanda wa njerwa, pamwamba mawaya a magetsi, pageti galu ndi chikwangwani cha kampani ya alonda. Mlendo amayamba wadzifotokozera kabokosi kolankhula ka pageti. Kumwamba kokha ndiko adaiwala kutseka.

Madamu ena kumeneko amagula mapira a m'paketi, osati a phala ayi, odyetsa njiwa. Adaikanso beseni la simenti losambiramo mbalame, m'tauni imene damu lake lidauma gwaa mu 2015 anthu n'kumasamba m'kandowa. Njiwa zidanenepa mpaka kumayenda chododa ngati mabwana a ku Government Enclave akamachokera ku nkhomaliro.

Mphamba amaonerera zonsezi ali phee m'mtengo wa minga. Tsiku lina, Madamu ali ndi alendo pakhonde, makapu a tiyi m'manja, kunangomveka phaa! Njiwa ili pansi pa zikhadabo. Mkuluyo sanathawe nayo n'komwe. Anaisosola nthenga pakapinga pomwepo, mosafulumira, uku akuwayang'ana alendowo mmodzimmodzi.

"Alamu ija timalipira yachiyani?" anakuwa Madamu.

Wa m'dimba, bambo a ku Dedza, anatsamira pa tsache. "Pepani Madamu, koma munamumangira nokha lesitilanti. Kwathu mayi akangoona chithunzithunzi pansi amakuwa, anapiye n'kuthawira kunsi kwa nkhokwe. Kuno mumaziitana zibwere poyera."

Madzulo nkhani inali pa gulu la WhatsApp la mumsewuwo. Wina anati aitane apolisi. Wina anadandaula kuti nayenso kabawi adamulanda soseji pa braai, ndipo mbalame zimenezi n'zobwera, zimangotulukira cha m'ma Ogasiti kapena Seputembala kuchokera kumpoto, popanda chidindo cha pamalire a Kazungula. Apa ananena zoona ndithu, ngakhale kuti mphamba wa njiwa uja ndi mbadwa. Bambo a ku Dedza atamva za chidindo anangowerama n'kumathirira maluwa othirira kale.

Mkulu wina anadzipereka kugula legeni. Asayese dala. Lamulo la Botswana la nyama zakuthengo la 1992 limateteza akabawi, mphamba ndi ziwombankhanga, ndipo womangidwa angakhale wa legeniyo. Mapira akugulidwabe Loweruka lililonse.