Wamsonkho Akatsika Thabwa

Lamulo la msonkho m'dziko muno limati ndalama za mipingo ndi za mabungwe achifundo zisadulidwe msonkho, poti ntchito yawo ndi yothandiza anthu. Kuchigwa kuno palibe angatsutse, chifukwa namondwe Freddy atasesa midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa mu Malichi 2023, ambiri anagona m'matchalitchi. Chovuta n'chakuti thumba la mpingo ndi thumba la mwini mpingo nthawi zina amasokera pathalauza limodzi. Imvani zomwe akusimba pabawo pa Dyeratu.

*

Mayi wogulitsa milamba yowamba pamsika wa Bangula anatopa n'kudula chiphaso tsiku ndi tsiku. M'mawa wina anabwera atamanga duku loyera.

"Mayi, chiphaso," anatero wodula ziphaso.

"Achimwene, pano ndi pampingo. Sitilipira."

"Nanga nsombazi simukugulitsa?"

"Ayi. Munthu amaponya chopereka m'mbalemu, ine n'kumudalitsa ndi mlamba."

"Ndidalitseni nane tsono."

"Dalitso lamutu waukulu kapena lochepera? Zopereka zake n'zosiyana."

*

Wamsonkho wochokera ku Msonkho House ku Blantyre anapeza mneneri wina wa ku Nchalo ali ndi maminibasi atatu, chigayo ndi malo ogona alendo.

"Zonsezi n'za Mulungu, bwana. Ine ndimangosunga."

"Nanga bwanji mapepala a maminibasi ali m'dzina la akazi anu?"

"Tinayesa kulembetsa Mwiniwakeyo, koma kuofesi anafuna chiphaso chake cha unzika."

"Chigayochi nacho n'cha utumiki?"

"Kwambiri. Wobwera ndi chimanga amachoka atayera."

*

Mkulu wina wa ku Ngabu, woti ng'ombe zake zikamapita kumadzi magalimoto amaima pamsewu, anamva anthu akukangana pawailesi zoti olemera azikhoma msonkho pa chuma chawo. Usiku womwewo analemba kalata yopereka khola lonse ku mpingo.

Kutacha, anangoona abusa pakhomo ndi anyamata a kwaya, aliyense chingwe kumanja.

"Abusa, zingwezi n'zachiyani? Ine ndinapereka papepala pokha!"

Abusa anapinda kalata ija bwinobwino. "Palibe kanthu, baba. Nafenso tsiku la maliro anu tidzabwera papepala pokha."

Anapita ndi nkhunzi imodzi.

*

Msonkho si mlendo kuno. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda la Harry Johnston linkakhometsa msonkho wa nyumba, ndipo ena ankathawira kwa Apwitikizi. Gogo wina wa ku Marka ankasimbira mdzukulu wake zimenezi.

"Munkavutika, agogo," anatero mnyamatayo, maso ali pafoni.

"Wovutika ndiwe. Makolo athu akaona mesenjala ankadumpha malire, basi nkhani yatha. Iwe amsonkho a MRA unawaika m'thumba. Ukagula mayunitsi, adya nawo. Ukaimbira chibwenzi chako, akhuta kale iwe usanayankhidwe. Uthawira kuti?"

*

Pa Pepa Sande ina ku Chikwawa, mlendo wolemekezeka anali phungu. Atalandira maikolofoni anayamba kutentha kuposa dzuwa la Okutobala.

"Dziko silingatukuke ena akudya osakhoma! Ngakhale mipingo iziyamba kulipira msonkho!"

Wakabaza amene anakhala kumbuyo anaomba m'manja yekha. Abusa anaimirira mofatsa.

"Ameni, olemekezeka. Panja pali magalimoto awiri, yathu ya mpingo ndi yanu. Onsewo analowa m'dziko osalipira msonkho wa kasitomu. Yathu dzulo yanyamula odwala atatu ndi maliro amodzi. Tiyambe kuwerengera iti?"

Phungu anasuzumira pazenera, anakonza tayi, n'kutembenukira kumanzere.

"Akwaya, tipatseni nyimbo. Yaitali."