Matola a Bambo Wovala Tayi

M'nyumba mwathu muli masamu a mitundu iwiri. Anga amachitikira m'mutu, kawirikawiri ndikumeta ndevu, ndipo yankho lake limakhala lokoma nthawi zonse. A mayi akunyumba amachitikira m'kope lachikuto cholimba, lija amalembamo za banki m'khonde, ndipo yankho lake silinandisangalatsepo.

Masamu angawo ndi awa. Timakhala ku Area 25, cha ku Nsungwi. Apongozi anga ali ku Area 23, ndipo mwezi ukatha osaona zidzukulu amayamba kufunsa pafoni ngati tinasamukira ku Joni. Wodziwa Lilongwe akudziwa kuti ulendo umenewu ndi wa maminibasi awiri: ya kwathu imakutula m'tauni, n'kuyamba kusaka ina yolowera ku 23. Ife tilipo asanu. Wamng'ono uja kale tinkamufungata pamiyendo osalipira, koma miyendo yake inatalika mopanda kutifunsa, ndipo makondakitala amamuyeza ndi diso limodzi n'kunena kuti ameneyu ndi munthu. Mitu isanu, maminibasi awiri popita, awiri pobwera, ndiye kuti kulipira maulendo 20. Ngakhale kondakitala atakhala wa mpingo wathu n'kutilipiritsa K1,000 yokha pamutu, K20,000 yapita tisanagule ngakhale paketi ya shuga yokalowa nayo kwa apongozi. Pomwe kagalimoto kanga, nthawi yomwe petulo anali pa K2,530 pa lita, kankamwa malita anayi paulendo wonsewo, K10,000 ndi pang'ono pamwamba. Minibasi imawerenga mitu, galimoto imawerenga mtunda. Masamu amenewa ndinawalalikira kuntchito, kumaliro, ngakhale kwa anthu amene sanandifunse.

Ndipo si abodza ayi. Mzinda uno anaumanga ngati kuti aliyense adzakhala ndi galimoto. Likulu litachoka ku Zomba mu 1975, okonza mapulani anamwaza malo: maofesi a boma ku Capital Hill, mabanki ku City Centre, msika ndi depoti ku Old Town, mafakitale ku Kanengo, anthu wamba kutali uko, pakati pake tchire ndi mitengo. Akuluakulu amakumbukira mabasi aakulu a United Transport, omwe anadzakhala Stagecoach kenako Shire Bus Lines, okhala ndi tikiti ndi mtengo wodziwika. Zimenezo zinapita. Lero tili ndi maminibasi, ma Sienta ndi akabaza a njinga zamoto, ndipo mtengo wake umadalira nthawi, mitambo ndi nsapato zimene wavala. Wa m'mawa ndi wina, wa masana pamene minibasi ikusowa anthu ndi wina, ndipo mvula ikangoti wa-a cha m'ma 5 koloko madzulo, kondakitala amakuyang'ana ngati sanakuonepo chibadwire.

Koma kondakitala ndisamunenere zoipa zokhazokha, chifukwa masiku ano ndimamumvetsa kuposa mmene ndikanafunira. Minibasi iliyonse ili ndi pakamwa pambiri. Mwini wake amadikira tageti yake madzulo alionse, kugwe mvula kuwale dzuwa. Dalaivala ndi kondakitala amadya zotsala pamwamba pa tagetiyo. Oitanira, omwe boma linawaletsa kale nthawi ya Bingu wa Mutharika koma akadali pa siteji paliponse, amadula yawo minibasi isananyamuke. Lamulo limati pampando pazikhala anthu atatu, osati anayi monga kale. Matayala ndi zitsulo zonse zimachokera kunja, zogulidwa ndi madola amene dziko lilibe. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zinakwera, ndipo wozilipira ndi mayi uja wakhala pampando wakumbuyo atanyamula dengu la tomato.

Chimene chinandichititsa manyazi pang'ono, ngakhale sichinandiletse kudzitama, ndi nthawi ya kusowa kwa mafuta chakumapeto kwa 2024. Mtengo wa pa filingi siteshoni unakhala pa K2,530 pafupifupi zaka ziwiri osasuntha, koma mafutawo kunalibe. Ine ndinkagona pamzere, bulangete kumapazi, foni m'manja kudikira uthenga wa pa WhatsApp wonena kumene thanki yatsitsa. Ndikathira, ndinkayenda nawo mosamala mpaka sabata kutha. Dalaivala wa minibasi sangagone pamzere masiku awiri, chifukwa tageti sigona. Iye ankagula a m'zigubu, kuseri kwa magolosale, pa mtengo umene wogulitsa walota usiku umenewo, n'kuugawa pa mitu ya okwera. Ndiye kuti ine wa galimoto ndinkayendera mtengo wa boma, pamene mlonda wa ku ofesi kwathu, amene alibe ngakhale njinga yakapalasa, ankayendera mtengo wa chigubu. Mafuta atayambanso kupezeka, mitengo ya minibasi inaiwala njira yobwerera.

Apa ndi pamene masamu anga amathera, ndipo a mayi akunyumba amayambira pomwepa.

Kope lawo limakumbukira zimene mutu wanga umataya. Limakumbukira kuti kagalimotoka, kakale kochokera ku Japan, kanatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe ndi ndalama za ngongole, ndipo msonkho wake unatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wogulira. Limakumbukira inshuwalansi ndi COF chaka ndi chaka, batire, oyilo, matayala, ndi mashoko amene maenje a m'makwalala mwathu amatafuna dzinja lililonse. Limakumbukira masana onse amene ndinakhala pa benchi kwa amakanika ku Biwi, akundiuza kuti "madala, kavuto n'kakang'ono," mawu amene sanatsikepo pansi pa theka la malipiro anga. Minibasi imakulanda ndalama masana, anthu akuona, ndipo umatsika ukutukwana. Galimoto ndi nankafumbwe: thumba limaoneka lodzaza mpaka tsiku lopita kuchigayo.

"Abambo," anatero tsiku lina akutembenuza tsamba, "minibasi ikaphulika tayala, inu mumangotsika n'kukwera ina. Yanuyi ikaphulika tayala, tonse muno timadya bonya mpaka mwezi kutha."

Kopelo lili ndi tsamba linanso limene ine ndimalidumpha. Ukagula galimoto kuno kwathu, wagulira mudzi wonse. Mayi woyandikana naye akayamba kudwala matenda a pakati pakati pa usiku, chitseko chogogodedwa ndi chako, ndipo kukana n'kosatheka, ngakhale ineyo sindingafune kukana. Koma palinso zinkhoswe, maliro a msuweni wa alamu a mnzako wa kukwaya, ndi wachibale amene amati "tithira mafuta, musadandaule," n'kukupatsa K2,000 paulendo wa ku Mponela. Onsewa amathawa mtengo wa minibasi, ndipo amathawira kwa ine.

Tsono chimene ndafuna kuulula si masamu. Nthawi ya mizere ija, m'mawa uliwonse popita kuntchito ndinkadutsa anthu atadzaza pa siteji, ena atavala bwino kuposa ine, akukweza mikono kwa galimoto iliyonse. Ndinaima chifukwa cha chifundo, ndipo Mulungu ndi mboni. Mayi wina potsika ku City Centre anandifumbatitsa ndalama. Pakamwa panga panati "ayi, ayi, mayi, musavutike," koma dzanja linali litatseka kale. Mawa lake chifundo chinandigwiranso, pa siteji yomweyo, ndipo mkuja mwake ndinapezeka ndasintha K5,000 kukhala zing'onozing'ono kuti chifundocho chisamasowe chenje.

Lero ndine katswiri. Ndimadziwa kuchepetsa liwiro popanda kuoneka ngati ndikuima, kutsitsa galasi theka, n'kuonetsa zala zinayi. Ndimadziwa kusankha okwera: woonda, wopanda katundu, wooneka kuti ndalama yake ili kale m'manja. Ndimadula mtengo pang'ono pansi pa wa minibasi, zimene zimandipatsa mtima woti ndikuthandiza mtundu wa Amalawi. Oitanira anandizindikira msanga. Amanditcha "madala a tayi," ndipo yawo amadula monga amachitira ndi wina aliyense, popanda ulemu wa tayiyo.

Nambala ya galimoto yanga si yofiira, ndipo inshuwalansi yanga sidziwa za okwera olipira. Choncho tikangonyamuka pamakhala kaphunziro kachidule. Ndimawauza kuti tikaimitsidwa panjira, tonse muno ndife pachibale. Pofika pa Area 18 ndimakhala ndili ndi alamu awiri, msuweni mmodzi ndi mkulu wa mpingo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene akudziwa dzina langa. Bambo wina wachikulire anakana kukhala alamu, akuti msinkhu wake ndi wa amalume, ndipo tinakambirana mpaka ndinavomera.

Ku ofesi ndimawatsitsira patali ndithu, kuseri kwa mitengo, kenako ndimakonza tayi n'kulowa pageti ndili ndekha ngati bwana. Pa nthawi ya tiyi, nkhani ya anthu ochita matola ndi galimoto zawo ikabuka, ine ndimapukusa mutu limodzi ndi anzanga. Ndinafika ponena kuti anthu oterowo akupha bizinesi ya maminibasi amene amalipira ziphaso zawo mokhulupirika. Ndinanena zimenezi thumba la malaya litatupa ndi ma K500 opindikapindika, ena onunkha usipa.

Ndalamazo sizinkafika kunyumba. Ndinkati ndi za mafuta, ndipo zina zinkapitadi ku mafuta. Zina zinkathera pa chiwaya cha kanyenya Lachisanu madzulo, pomwe ndinkafotokozera anzanga ubwino wokhala ndi galimoto.

Lilongwe ndi wotambalala koma ndi wamng'ono. Mmodzi wa amayi a banki m'khonde anakwera tsiku lina, n'kukhala kumbuyo kwanga kwenikweni. Ine maso anali pa chenje, sindinamuzindikire, ndipo ndinamupatsa udindo wa msuweni. Pa msonkhano wawo wotsatira anayamikira pagulu. Akuti, "Amuna anu ndi achilungamo, asisi. Amabweza chenje yonse, osati makondakitala enawa."

Enawa. Mawu amenewo anandipeza patebulo, nsima ili m'manja. Ndinadikira mkuntho, koma mayi akunyumba sanakweze mawu. Anandifunsa mipando ingati, masiku angati pa sabata, ndi ndalama zingati pamutu. Anafunsanso ngati pobwerera madzulo galimoto imayenda yopanda anthu, ndipo nditavomera anandiyang'ana mmene amayang'anira mwana amene wasiya mpopi ukutuluka madzi. Kenako anatsegula tsamba latsopano, n'kujambula mizere ndi rula ya mwana wathu wa Sitandade 6.

Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi tageti. Ndimapereka madzulo alionse ndisanavule nsapato. Akuti ngongole yogulira galimoto inatuluka m'dzina lawo, choncho mwini wake ndi iwo, ine ndine dalaivala. Nditafunsa za malipiro a dalaivala, anandikumbutsa zimene ndinkawafotokozera ndekha, kuti dalaivala amadya zotsala pamwamba. Za matayala ndi inshuwalansi tsopano zili ndi envulopu yakeyake, ndipo kwa nthawi yoyamba batire itafa sitinadye bonya. Zimenezi sindinaziyamikire mokweza.

Mu Okutobala 2025 bungwe loona za mitengo ya mafuta la MERA litakweza petulo kufika pa K3,499, ndinapita kwa abwana anga a kunyumba ndi pempho loti tageti itsike, popeza mafuta akudya phindu. Iwo anaikweza.

"Nanga okwera ndikawauza chiyani, amayi?"

"Zomwe amakuuzani makondakitala zija. Simunazisunge?"

Ndinali nditazisunga. M'mawa mwake mtsikana wina wa yunifolomu ya m'sitolo anadandaula kuti dzulo sunali mtengo umenewu, ndipo ndinadzimva ndikunena, ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo, kuti mafuta akwera achemwali, ngati simukwanitsa dikirani minibasi. Analipira. Anakananso kukhala msuweni wanga, akuti asuweni salipiritsana chonchi.

Lamlungu lopita kwa apongozi limalembedwa m'kope ngati tsiku limene galimoto yayenda ndi mitu isanu yosalipira. Sabata ino ndaperewera K3,000 chifukwa okwera awiri anatsika pa Kanengo n'kuthawa ndikusaka chenje, ndipo ndalamayo yalembedwa ngati ngongole, pa chiwongoladzanja cha banki m'khonde.